Kulondola njanji yakufa: Bangula mpaka Beira

Lolemba, Bangula

Ukangotsika zikweza za Thabwa mwezi uno wa Okutobala, mphepo yolowa pawindo la minibasi imasiya kuziziritsa, imangokuwamba kumaso. Tawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, tadutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo, pa Ngabu tagula madzi omwe anali atafunda kale, ndipo pa Bangula tatsika dzuwa litapendeka. Ndili ndi alamu anga a kwa Tengani. Iwo ndiwo ali ndi Chisena, komanso Chipwitikizi chokwanira kugulira chakudya ndi kupepesera msilikali. Ine changa ndi kamera ndi chidwi pa zinthu zomwe eni ake adazisiya kuti ziwole.

Anzathu ojambula mabwinja kumayiko a azungu amasaka mafakitale otsekedwa ndi zipatala zopanda munthu, amalumpha mipanda usiku. Kuno bwinja lalitali kuposa onse lili poyera, aliyense amaliponda popita kumsika: njanji yomwe inkachoka ku Blantyre kukathera kunyanja ya mchere ku Beira. Ndiyo tikufuna kuilondola, ndikujambula chilichonse chomwe chidagwa m'mbali mwake.

Madzulo ano ndangoyesa dzanja. Zitsulo za njanji zikutuluka mumchenga kenako n'kulowanso, mbuzi zagona pamthunzi wa khoma losweka, dzimbiri lafiira bwino ndi dzuwa lolowa. Ana andizungulira nthawi yomweyo. Aliyense akufuna alowe m'chithunzi, ndipo akalowa akufuna adzione.

Lachiwiri, Chiromo

Tinadzuka kusanache kuti tipeze kuwala kofewa. Kuno ikangokwana 9 koloko chilichonse chimayera mbuu, chithunzi chimatuluka chopanda mthunzi, chopanda moyo.

Kuchoka pa Bangula kupita tsidya la kum'mawa ndi pabwato. Madzi osefukira a 1997 adakokolola mtumbira womwe njanji ndi msewu zinkadutsapo polowera kumlatho wa Chiromo, pamalo omwe anthu amawatchula kuti Mtayamoyo, ndipo mpata umenewo ndiwo ukudyetsa eni mabwato mpaka lero. M'bwato mwathu munali matumba a chimanga, njinga yakapalasa, nkhuku zomangidwa miyendo ndi mayi wina wopita kusikelo ndi mwana. Ndinakumbatira chikwama cha kamera. Wopalasa anandiyang'ana n'kuseka: "Achimwene, ng'ona sizidya kamera."

Mlatho weniweniwo ulipo, wachitsulo, waima nji pamwamba pa Shire. Vuto ndi lakuti sukufikitsa sitima kulikonse. Ndinagona chafufumimba pakati pa zitsulo kuti mizere iwiriyo ikakumane patali, ndipo pomwe yakumaniranapo pali bango ndi namasupuni basi.

Agogo ena omwe amasoka ukonde pamthunzi anatiuza kuti ali mnyamata ankakwera sitima pano n'kukatsika ku Limbe ndi dengu la nsomba zouma. Atangotchula Limbe anayamba kuwerenga masiteshoni pazala: Makhanga, Sankhulani, Thekerani, Luchenza. Sitima ya Limbe idapitirira kufika pa Makhanga ngakhale mtumbira utaduka, mpaka madzi a mu Januwale 2015 adawononganso njanji kumtundako. Chaka chimenecho Ruo adasiya khwawa lake n'kudzipangira njira ina, Makhanga n'kusanduka chilumba.

Chomwe chimandisangalatsa pa mbiri ya njanji imeneyi ndi chakuti idakula pothamangitsa madzi. Kale katundu wa atsamunda ankabwera pa sitima zapamadzi kuchokera ku Chinde, kukwera Zambezi, kulowa Shire, ndipo Chiromo lidali doko lotchuka. Madzi a Shire atayamba kuchepa, sitimazo zinkatitimira mumchenga. Njanji yofika ku Blantyre mu 1908 idayambira ku Port Herald, Nsanje ya lero. Nakonso madzi adakana, ndiye mu 1915 adaitalikitsa mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi. Poyamba kuchepa kwa madzi kudaikokera kumwera, pomaliza kuchuluka kwa madzi omwewo n'komwe kudaidula.

Pobwerera dzuwa linali litakwiya. Kamera inatentha moti ndinaikulunga m'chitenje cha alamu chomwe anagulira akazi awo, achemwali anga. Nkhani imeneyi isakafike kunyumba.

Lachitatu, Nsanje boma

Doko la Nsanje ndi bwinja lachilendo chifukwa silidakalambe, lidangobadwa lili bwinja. Pa 23 Okutobala 2010, Bingu wa Mutharika adalitsegulira ndi mwambo waukulu, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pomwepo. Khamu lidadikira sitima yonyamula feteleza yomwe imayenera kutulukira kumunsi kwa mtsinje. Siidatulukire. Boma la Mozambique lidaigwira m'njira, likunena kuti palibe chilolezo ndipo pafunika kaye kafukufuku woona zomwe sitima zingachite ku Zambezi ndi Shire. Bingu adamwalira mu Epulo 2012 sitima yamalonda isanakochezepo.

Chomwe chilipo ndi khoma lalitali la konkire m'mbali mwa madzi. Kujambula khoma n'kovuta. Lilibe zenera losweka, lilibe denga logwa, lilibe chilichonse chokoka diso. Ndinayenda uku ndi uku osapeza poimira. Alamu anakhala pansi n'kunena kuti, "Alamu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pansi, dokoli lili ndi eni ake, abwera."

Anabweradi. Anyamata a mbedza anakhala m'mphepete miyendo ili lendelende. Amayi anatsikira chakumunsi ndi mabeseni a zovala. Bwato la mtengo umodzi linadutsa pansi penipeni pa khomalo, lodzaza ndi mbatata zochokera kudimba, ndipo chithunzi cha tsiku lonse ndi chimenecho: doko lomangidwira sitima zochokera kunyanja ya mchere, ndi kabwato kamodzi kakudutsa osaima n'komwe.

Pano nkhani ya dokoli anthu amaikamba mosiyana. Bambo wina wogulitsa mlamba wowamba anati maganizo a Bingu anali abwino, ansanje ndi omwe adatsekereza. Mnzake anamudula: ungamange khomo lotulukira pabwalo la mnzako usanamufunse? Ine ndili kumbali ya wachiwiriyu. Kuchoka pano kukafika ku Chinde ndi makilomita 238, ndipo pafupifupi onsewo ndi madzi a eni ake.

Usiku kugona m'nyumba n'kosatheka. Tayala mphasa pakhonde, neti tamangirira kumsomali.

Lachinayi, Marka mpaka Mutarara

Pa Marka bwinja lathu layamba kutsitsimuka. Pali njanji yatsopano, miyala yoyera, zogonera za konkire. Boma likukonzanso makilomita 72 a pakati pa Marka ndi Bangula, ndipo mu 2024 sitima yonyamula mafuta idafika pano kuchokera ku Beira, koyamba patatha zaka zoposa 40. Monga Mmalawi ndinakondwa. Monga wojambula dzimbiri ndinangoti kakasi, chifukwa zogonera zakale zaunjikidwa pambali ngati nkhuni zodikira wogula.

Tadinditsa mapasipoti, talowa Vila Nova da Fronteira, takwera njinga zamoto za kabaza kulowera ku Mutarara. Alamu njira yonse amandilozera midzi. M'zaka za m'ma 1980 anthu a kuno adakhamukira ku Nsanje kuthawa nkhondo ya Renamo ndi Frelimo, ena n'kukakhala kumsasa wa Nyamithuthu. Malawi yense adasunga othawa nkhondo opitirira 1 miliyoni. Chipwitikizi chawo alamu adachitolera kwa ana a anthu amenewo, akusewera nawo mpira wachikulunga.

Kenako mlatho wa Dona Ana, wowoloka Zambezi.

Ndidauonapo pazithunzi, koma chithunzi sichikuuza kuti kuuwoloka wapansi ndi ulendo pawokha. Ndi wautali makilomita 3.67, zigawo zachitsulo 40 zotsatizana, ndipo pomwe unkatsegulidwa mu 1935 udali mlatho wa njanji wautali kuposa yonse mu Africa. Usanamangidwe, katundu ankatsitsidwa tsidya lina, kuwolotsedwa pamadzi, n'kukwezedwanso sitima ina, chifukwa njanji yochokera ku Beira idafika kugombe la kumwera mu 1922 n'kuima pomwepo. Ngongole ya njanji ndi mlathowu idalemera pamsana pa boma la Nyasaland kwa zaka zambiri, kutanthauza kuti agogo athu okhoma msonkho adalipirako mlatho womwe uli m'dziko la eni.

Mu 1986 asilikali a Renamo adauphulitsa, zigawo zina n'kugwera m'madzi. Malawi, yemwe katundu wake wambiri ankadzera ku Beira ndi ku Nacala, adali atayamba kale kuzungulira mpaka ku Durban chifukwa cha nkhondoyo, mitengo ya zinthu n'kukwera. Nkhondo itatha mu 1992 adaukonza kuti pazidutsa magalimoto, kenako adaubwezeranso ku njanji, ndipo lero pamadutsa malasha a ku Moatize.

Tisanatulutse kamera, alamu anapita kukalonjera apolisi omwe amakhala polowera. Kuno mlatho si chinthu chongojambula mwachisawawa, ndipo ndikulangiza aliyense wobwera kuti ayambe wapempha. Anatiyang'ana, anayang'ana mapasipoti, anatiuza mbali yoti tisaloze kamera, basi.

M'mbali mwa njanji muli kanjira ka anthu apansi, ndipo m'menemo ndi momwe muli msika woyenda: njinga zonyamula makala, amayi osenza mitolo ya nzimbe, ana asukulu, njinga zamoto zikuliza mabelu kuti upatuke pomwe palibe popatukira. Pansi, Zambezi wagawikana m'mitsinje ingapo, pakati pali zilumba zolimidwa chimanga. Tili pakatikati zitsulo zinayamba kunjenjemera pansi pa mapazi, sitima ya malasha isanaoneke n'komwe. Mabogi anadutsa osatha. Palibe anaima kuyenda kupatula ine.

Mlathowu si bwinja, ndivomere. Koma kumapeto kwake, mbali zonse ziwiri, kuli nyumba zakale za ogwira ntchito panjanji, zina zopanda denga, makoma ali ndi mabowo omwe sindinafunse kuti adabwera bwanji.

Lachisanu, Sena ndi Inhaminga

M'mawa ku Vila de Sena tinakaona chipata cha linga la Apwitikizi la São Marçal. Linga lidatha, chatsala ndi chipata chokha, chaima pachokha, ukalowa umatulukira panja pomwe unali. Zithunzi zingapo, kenako chapa, minibasi ya kuno, ya ku Caia.

Kuchoka ku Caia kupita ku Inhaminga ndi fumbi lokhalokha. Kamera ndinaiika m'jumbo, jumbo m'chikwama, komabe madzulo ndapeza fumbi pagalasi.

Inhaminga kudali malo okonzera sitima a njanji ya Trans-Zambezia, ndipo nkhondo idawasiya momwe adaliri. Mitu ya sitima yaima m'udzu, dzimbiri ladya mpaka chitsulo chikumanyenyeka ukachikhudza. M'kati mwa umodzi mwamera kamtengo, nthambi zatulukira pomwe woyendetsa ankasuzumira. Apa ndiye pamalo pomwe wojambula mabwinja amalota. Ndinajambula mawilo, misomali yonenepa, manambala osaoneka bwino, kuwala kolowera m'mabowo a dzimbiri.

Koma tauniyi ili ndi mbiri yolemera kuposa zitsulo. Mu 1973 ndi 1974 asilikali a Chipwitikizi adapha anthu ambiri a m'dera lino powaganizira kuti akuthandiza Frelimo, ndipo adaulula nkhaniyi kudziko ndi amishoni Achikatolika a ku Netherlands omwe ankatumikira kuno. Bambo wachikulire yemwe anatiperekeza kumasitimako anangoitchula pang'ono n'kusintha nkhani. Nafenso sitinaikokere.

Langizo kwa ofuna kubwera: nsapato zotseka, buluku lalitali, ndipo musalowetse dzanja pomwe diso silinafike. Njoka ndi mavu zimakonda sitima zakufa kuposa ife.

Loweruka, Beira

Grande Hotel ili ku Ponta Gêa, moyang'anana ndi nyanja. Umayamba kuiona uli patali: chinyumba chokhotakhota, chakuda ndi nkhungu, mitengo ya kachere itamera pamakonde a m'mwamba, mizu yake ikutsika m'makoma kufunafuna dothi. Zovala zayanikidwa paliponse. Utsi ukutuluka m'mazenera opanda magalasi.

Idatsegulidwa mu 1955, ili ndi zipinda zoposa 100 ndi dziwe losambira la muyezo wa mipikisano ya Olympics, ndipo ankaitama kuti ndi hotela yapamwamba kuposa zonse mu Africa. Idatsekedwa mu 1963, isanapindulepo. Eni ake ankayembekezera chilolezo cha kasino chomwe sichidabwere, ndipo azungu a ku Rhodesia omwe ankadzaza Beira patchuthi sadali anthu a ndalama zotere, ankakonda malo otchipa a kugombe la Macuti. Itatsekedwa inkangotsegulidwa pa zochitika zapadera. Chimodzi mwa izo udali ukwati wa mwana wamkazi wa Jorge Jardim, mkulu wamalonda wa mumzinda uno yemwe adali kazembe woimira Malawi ku Beira komanso bwenzi la Kamuzu Banda. Ufulu utabwera mu 1975, zipinda zapansi zidakhalapo ndende, m'mwamba mudakhala asilikali, kenako nkhondo itakula anthu othawa kumidzi adalowamo. Ambiri sadatulukemo, ndipo ana awo ndi zidzukulu adabadwira momwemo. Lero mumakhala anthu opitirira 1,000, ena amati kuchulukitsa katatu.

Pa intaneti nyumbayi amaiika pamndandanda wa malo osiyidwa. Osiyidwa ndi ndani? Pakhomo pali amayi ogulitsa tomato, makala ndi nsomba zouma. Muli tchalitchi, muli mzikiti. Muli atsogoleri omwe amaweruza milandu ndi kudziwa yemwe akukhala chipinda chiti. Alamu anafunsa komwe kuli akuluakulu, tinapita, tinapereka moni, tinafotokoza chomwe tabwerera, tinasiya kangachepe, ndipo anatipatsa mnyamata wotiyendetsa. Chisena cha alamu chinagwira ntchito kuposa Chipwitikizi. Atamva kuti ndi a ku Nsanje, mayi wina anawomba m'manja n'kunena kuti iye adakulira kumsasa wa Nyamithuthu kumeneko.

M'kati ndi mdima, ndipo fungo limakulandira usanazolowere mdimawo. Mulibe madzi, mulibe zimbudzi zogwira ntchito. Mabowo momwe munkayenda zikepe adadzaza zinyalala. Chilichonse chomwe chikadagulitsidwa chidachotsedwa kalekale: mawaya, mipope, magalasi, zitseko, miyala yosalala ya m'makoma. Matabwa a pansi adaphikira nsima. Chatsala ndi konkire yokha, ndipo konkireyo ndi yokongola mochititsa manyazi. Masitepe akuluakulu amakwera mozungulira, opanda chogwirira, ndipo ana amathamangapo osayang'ana pansi. Mnyamata wathu anandigwira mkono kangapo: apa musaponde, apa pali bowo lofika pansi.

Pojambula m'malo otere fulashi ndimaipewa. Imapha mdima womwe ndi theka la chithunzicho, komanso imadzidzimutsa anthu m'nyumba mwawo. Ndinkatsamira khoma, kugwira mpweya, n'kudikira kuti wina adutse pomwe kuwala kwagwera. Pamasitepe paja ndinadikira mpaka mtsikana wosenza chigubu chachikasu anatsika n'kulowa m'kuwala kochokera pazenera. Ndinamuonetsa. Anaseka, n'kuitana anzake kuti adzaone.

Si onse anasangalala nafe. Pansanjika yachiwiri bambo wina anatiimitsa. Alamu ankamasulira. Anati alendo a makamera amabwera chaka ndi chaka, azungu ndi akuda omwe, amajambula ana ake ndi zinyalala, amapita, ndipo iye sanaonepo chithunzi ngakhale chimodzi kapena kusintha kulikonse. Anafunsa kuti zithunzizi ndikakagulitsa, iye apezapo chiyani. Ndinamuuza zoona, kuti sindigulitsa, ndimangoika patsamba langa. Anati, "Ndiye mukujambuliranji?" Alamu anandiyang'ana kudikira yankho loti amasulire. Ndinatsitsa kamera, tinapepesa, tinadutsa. Khonde lake lonse sindinalijambule, ngakhale linali ndi kuwala kwabwino kuposa ena onse.

Funso lakelo ndi loyenera, ndipo ambiri a ife okonda mabwinja timalizemba pochotsa anthu m'zithunzi. Umadikira munthu achoke, umajambula khoma lokhalokha, ukafika kwanu umati taonani malo opanda munthu. Pa Grande Hotel chithunzi chotero ndi bodza.

Padenga pali mphepo ndi nyanja yonse. Kuchokera pamenepo dziwe losambira lija likuoneka pansi, madzi ake obiriwira, amayi akuchapa m'mphepete. Mnyamata wathu anatiuza za usiku wa namondwe wa Idai mu Malichi 2019, pomwe malata a mzinda wonse ankauluka. Anati iwo adangosunthira m'makonde a m'kati n'kudikira kuche. Ananena monyadira, akumenya khoma ndi chikhatho.

Lamulungu, Macuti

Miyendo yakana, ndiye lero tayenda pang'ono. M'mawa tinadzera pasiteshoni ya sitima ya Beira, nyumba ya 1966 yokhala ndi denga lokhota ngati uta polowera. Imeneyi ikugwirabe ntchito, ndipo njanji yomwe tinaipeza itakwiririka mumchenga pa Bangula imathera pano.

Madzulo tinapita ku Macuti. Pali nsanja ya nyali yowongolera sitima zapamadzi, ya 1904, yopakidwa mizere yofiira ndi yoyera, ndipo patsogolo pake pamchenga pagona chigoba cha sitima, nthiti zachitsulo zokhazokha. Madzi akaphwa umafika n'kuchigwira. Mchere umadya chitsulo mosiyana ndi mvula ya ku Inhaminga: kuno dzimbiri limatupa, limasenda m'magawo, lakuda pansi, lofiira pamwamba. Ndinajambula mpaka madzi anayamba kubwerera n'kundinyowetsa buluku. Mphepo ya kunyanja imasiya mchere pagalasi la kamera, ndiye muzikhala ndi kansalu kofewa m'thumba.

Tapeza malo otsukira zithunzi omwe atsegule mawa m'mawa. Nditsukitsa cha mtsikana wa chigubu, cha mnyamata wotiyendetsa ali padenga, ndi cha mayi wa ku Nyamithuthu ataima ndi alamu, tikazisiye ku Ponta Gêa tisanakwere basi. Kobwerera tidzera ku Inchope, Chimoio, Tete, n'kulowa pa Zóbuè ndi Mwanza. Alamu agula nsomba zouma zodzaza thumba ndipo akuti zikwera pamiyendo panga, chifukwa chitenje chija ndidetsa ndine.